Mankhwala a khunyu amapha maso? Funsani kaye dzina la mankhwalawo

Mawu akuti khunyu ndi khungu amasiyana chilembo chimodzi chokha. Mukabwereka foni ya achimwene anu n'kufufuza za mankhwala a khunyu pa intaneti, simuchedwa kupeza tsamba lolumikiza mawu awiriwa, lonena kuti mankhwala a khunyu angaononge maso mpaka kalekale. Kodi ndi bodza? Ayi, si bodza lonse. Koma si choonadi chonse. Ndipo theka la choonadi likafika pakhomo pamene pali mwana womwa mankhwala tsiku ndi tsiku, likhoza kutayitsa moyo.

Maganizo anga ndi awa, ndiwanene poyambirira. Alipodi mankhwala a khunyu amene amachepetsa malo amene maso amaona. Dzina lake ndi vigabatrin. Nkhani yake ndi yoyenera kuidziwa, chifukwa ikutiphunzitsa kuti thupi likhoza kutaya chinthu chachikulu mwini wake osamva kanthu, ndipo mankhwala a vuto lotere ndi kuyeza. Koma amene angamve nkhaniyi n'kukauza mlongo wake kuti asiye mapiritsi, ameneyo wamva mobwerera.

Bwalo la maso

Tiyambe ndi fizikisi, poti ndiye kwathu. Yang'anani chinthu chimodzi patsogolo panu, kaya ndi msomali wa pakhoma. Osasuntha maso. Mukuonabe zenera kumanzere, chitseko kumanja, denga pamwamba, desiki pansi. Malo onse amene mukuona maso ali phee chonchi madokotala amawatcha visual field. Ine ndiziwatcha bwalo la maso.

Bwaloli timaliyeza m'madigiri, ngati ngodya ina iliyonse. Diso limodzi limaona pafupifupi madigiri 100 kulowera kukhutu, madigiri 60 kulowera kumphuno, 60 m'mwamba ndi 70 pansi. Kumphuno n'kochepa chifukwa mphuno yeniyeniyo imatchinga. Ndiye diso limodzi, kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndi madigiri 160. Maso awiri pamodzi amafika pafupifupi 200. Tawerengani: 160 kuphatikiza 160 ndi 320, kuchotsa 200 kutsala 120. Madigiri 120 amenewo ndi malo apakati amene maso onse awiri amaona nthawi imodzi. Musaiwale nambala imeneyi, tiifunanso.

Kuwala kukalowa m'diso, lenzi imakupinda n'kuponya chithunzi chozondoka pa retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso. Za kumanja zimagwera kumanzere, za m'mwamba zimagwera pansi, monga mmene timajambulira ma ray diagram m'kalasi. Pa retina pali maselo amitundu iwiri olandira kuwala. Ma cone, pafupifupi 5 miliyoni, athithikana pakati ndipo ndi amene amaona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono. Ma rod, oposa 90 miliyoni, achuluka cham'mbali, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuona mumdima.

Malo amene timaona bwinobwino, oti n'kuwerenga nawo zilembo, ndi ochepa modabwitsa. Tambasulani mkono muyang'ane chala chachikulu. Mulifupi mwake ndi pafupifupi 2 cm, mtunda wochoka kudiso ndi pafupifupi 60 cm. Gawani 2 ndi 60, mufufuze ngodya imene tan yake ndi imeneyo: mupeza pafupifupi madigiri 2. Basi. Kwina konseko timaona mwachimbuuzi, koma ndi kumene kumatichenjeza kuti njinga ikubwera, kuti galu wadzambatuka, kuti mwana akukwawira kumoto. Pakati ndi powerengera. M'mbali ndi mopulumukira.

Bowo limene simunalionepo

Tsopano chitani ichi. Tengani pepala loyera. Kumanzere lembani kamtanda, kumanja kadontho kakuda, pakati pake pakhale 10 cm. Tsekani diso lamanzere. Ndi diso lamanja yang'anani kamtandako, osachotsapo diso. Yambani pepala lili patali, muziliyandikitsa pang'onopang'ono. Likafika pakati pa 30 ndi 40 cm, kadontho kaja kazimiririka. Mukapitiriza kuyandikitsa, kabwereranso.

Kapita kuti? Chithunzi chake chagwera pamalo pamene mtsempha wopita ku ubongo umatulukira m'diso. Pamenepo palibe ma rod kapena ma cone. Ndi bowo lenileni m'bwalo la maso, pafupifupi madigiri 15 kuchoka pakati kulowera kukhutu. Mukayeza mtunda umene kadontho kanasowera, mukhoza kuwerengera ngodyayo nokha. Amene anafotokoza bowoli m'zaka za m'ma 1660 ndi Edme Mariotte wa ku France, yemwe uja anapezanso payekha lamulo la mpweya limene inu mumalidziwa ndi dzina la Boyle.

Koma taonani chinthu chofunika kwambiri. Pamene kadontho kanasowa simunaone bowo lakuda. Munaona pepala loyera. Ubongo unadzazapo ndi zimene zili pafupi, osakufunsani. Mwakhala ndi bowo limeneli m'diso lililonse chibadwire, ndipo ambiri mwalidziwa lero. Ubongo suuza munthu kuti "apa sindikuona". Umangokhala chete.

Nkhani ya vigabatrin

Maselo a ubongo amatumizirana mauthenga amagetsi. Munthu amagwa khunyu pamene maselo ambiri atulutsa mauthengawo nthawi imodzi mopanda dongosolo. Ubongo uli ndi buleki yake, kemikolo yotchedwa GABA, imene imaziziritsa maselo. Ulinso ndi enzyme imene imaphwanya GABA ikatha ntchito. Vigabatrin amapha mphamvu ya enzyme imeneyo, GABA n'kuchuluka, buleki n'kugwira kwambiri. Nzeru yabwino, ndipo inagwira ntchito. Mankhwalawa analoledwa ku Britain mu 1989, ndipo anathandiza anthu amene khunyu lawo linakana mankhwala ena.

Vuto ndi loti retina nayo ndi mbali ya ubongo. Mwana akamaumbika m'mimba, retina imaphuka kuchokera ku ubongo, ndipo maselo ake amagwiritsanso ntchito GABA. Vigabatrin amaunjikana m'menemo, ndipo pakapita miyezi kapena zaka maselo a m'mbali mwa retina amaonongeka.

Mu 1997, madokotala atatu a ku England, Eke, Talbot ndi Lawden, analemba m'magazini ya British Medical Journal za odwala atatu omwa vigabatrin amene bwalo la maso awo linafota kwambiri. Madokotala ena atayamba kuyeza odwala awo onse, ngakhale amene sanadandaule kanthu, anapeza kuti vutoli linali pa munthu pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse omwa mankhwalawa. Bwalo limafota m'maso onse awiri, kuchokera m'mphepete kulowa mkati, ndipo zimene zatayika kawirikawiri sizibwerera ngakhale munthu asiye mankhwalawo. Zikafika poipa, munthu amaona ngati akusuzumira m'paipi.

Kuchoka 1989 kufika 1997 ndi zaka 8. Zinatheka bwanji kuti vuto logwira munthu mmodzi mwa atatu libisale zaka zonsezi, m'maiko a zipatala zapamwamba? Mayankho ake muli nawo kale.

Choyamba, pakati pa bwalo pamakhala bwino. Munthu amawerenga nyuzipepala, amazindikira nkhope, ndipo mukamuimika patsogolo pa bolodi la zilembo lija la kuchipatala, amawerenga mpaka mzere wapansi. Bolodi limenelo limayeza madigiri ochepa apakati okha.

Chachiwiri, ubongo sujambula mdima m'mbali. Umangokhala chete monga unachitira ndi kadontho kaja, ndipo munthu amayamba kutembenuza mutu pafupipafupi osadziwa kuti akutero.

Chachitatu ndi masamu athu aja. Vigabatrin amakonda kuyamba kudya mbali ya kumphuno. Tiyerekeze kuti diso lamanja limaona madigiri 60 kumanzere, tsopano latsala ndi 30. Malo amene latayawo akuonedwabe ndi diso lamanzere, limene kumbali imeneyo limafika madigiri 100. Chimodzimodzinso mbali inayo. Maso onse akatsegula, bwalo likadali 200. Diso lina likubisira linzake. Munthu amadzazindikira pamene mbali ya kukhutu yayambanso kufota, ndipo pamenepo zambiri zapita kale. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Chimene chinaulula vutoli si kudandaula kwa odwala koma chipangizo choyezera chotchedwa perimeter. Munthu amaika chibwano pa katsamiro, amayang'ana pakati pa chinthu chonga beseni loyera, diso limodzi atatseka, n'kumadina batani akaona kakuwala kakuthwanima m'mbali. Pomaliza pamatuluka mapu a bwalo la diso lililonse. Hans Goldmann wa ku Switzerland anapanga mtundu wotchuka wa chipangizochi mu 1945. Ndi protractor yaikulu chabe, yokhala ndi nyali.

Bwanji sanangowataya mankhwalawo?

Funso labwino. Yankho ndi lakuti pali ana amene mankhwalawa ndiwo chiyembekezo chawo chachikulu. Pali mtundu wina wa khunyu wogwira makanda osakwana chaka, wotchedwa West syndrome. Dzinali linachokera kwa dokotala William West, amene anaufotokoza mu 1841 atauona pa mwana wake yemwe. Mwana amapinda thupi mwadzidzidzi kambirimbiri motsatizana, ndipo zikapanda kuletsedwa msanga, ubongo wake sukula bwino. Vigabatrin ndi amodzi mwa mankhwala ochepa amene amaletsa zimenezi, makamaka kwa ana obadwa ndi matenda a tuberous sclerosis.

Choncho madokotala anaika zinthu pa sikelo: mbali ina madigiri a m'mphepete mwa maso, mbali ina ubongo wonse wa mwana. Dziko la America linadikira mpaka 2009 kuti lilole vigabatrin, ndipo linaika lamulo loti womwa aziyezedwa maso asanayambe kapena atangoyamba, kenako miyezi itatu iliyonse. Sanabise vutolo, sanatayenso mankhwalawo. Anati walira mvula walira matope, ndiye tiziyeza kuya kwa matopewo. Kwa ine, umu ndi mmene sayansi iyenera kuyendera.

Nanga kuno ku Neno?

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Mankhwala a khunyu amene anthu ambiri amalandira m'zipatala za boma m'Malawi muno ndi phenobarbitone, carbamazepine, sodium valproate ndi phenytoin. Vigabatrin sali m'gulu limeneli. Mawu oti "mankhwala a khunyu" ali ngati mawu oti "zitsulo": mercury ndi chitsulo, aluminiyamu wa poto wa amayi anu ndi chitsulonso, koma simungaleke kuphika chifukwa mwamva kuti mercury ndi poizoni.

Sindikunena kuti mankhwala anayiwa alibe mavuto awo. Phenobarbitone amagonetsa, ndipo ana ena amawachititsa kusakhazikika. Carbamazepine akachuluka m'thupi amabweretsa chizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, zimene zimatha adokotala akasintha mlingo. Akatulutsa zidzolo pakhungu kapena zilonda m'kamwa, pamenepo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Phenytoin amatupitsa nkhama. Sodium valproate akhoza kuvulaza mwana wosabadwa, choncho mtsikana kapena mayi womwa mankhwalawa ayenera kukambirana ndi adokotala asanatenge pakati. Onsewa ndi mavuto enieni, ndipo onsewa njira yake ndi imodzi: kukanena kuchipatala. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi, makamaka phenobarbitone, kungayambitse kugwa kosalekeza kumene kumapha.

Tsopano ikani pa sikelo zimene khunyu losathandizidwa limachita kwathu kuno. Timaphika pa mafuwa, pansi. Timachapa ndi kusamba mu Lisungwi ndi mu Shire. Timaoloka msewu pa Zalewa pamene magalimoto akuluakulu a ku Mwanza akudutsa. Munthu akagwa pa malo amenewa, mphindi imodzi ndi yokwanira. Onjezani mwana amene amasiya sukulu chifukwa anzake amamuthawa, poganiza kuti malovu ake apatsira matendawa. Khunyu silipatsirana, ngakhale pang'ono.

Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi apakatikati. Limatinso anthu ofika 70 mwa 100 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atalandira mankhwala oyenera, koma m'maiko osauka atatu mwa anayi alionse sawalandira. Vuto lathu lalikulu si mankhwala ochuluka. Ndi anthu amene sakumwa mankhwala n'komwe.

Ndipo khunyu lathu lili ndi magwero odziwika, osati ufiti. Kuvulala kwa mwana pobadwa, ngozi za m'mutu, mphutsi za njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba zikakhazikika mu ubongo, ndi malungo a mu ubongo. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre motsogozedwa ndi Gretchen Birbeck, wosindikizidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo. Ana 12 mwa iwo anadzayamba khunyu. Chosangalatsa n'choti ana amenewa anatsimikizidwa kuti ndi malungo a mu ubongo poyang'ana retina yawo, njira imene madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital anathandiza kuidziwitsa dziko lonse. Diso ndi ubongo ndi pachibale, mwaonanso.

Ku Neno tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe kunja limadziwika kuti Partners In Health, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuno kuyambira 2007. Kuyambira 2015 pali kiliniki ya matenda amgonagona yotchedwa IC3, kumene odwala khunyu, shuga, BP, mphumu ndi omwa ma ARV amaonedwa pamodzi, pa chipatala cha boma cha Neno, pa Lisungwi ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Pali malo okafunsa. Kusiya mankhwala chifukwa cha chiganizo chimodzi cha pafoni pamene kiliniki ili pafupi, ndi kutaya mkate chifukwa wamva kuti kwina ufa unavunda.

Kodi si bwino kungokhala chete?

Ena anganene kuti, "Aphunzitsi, ngati vigabatrin si mankhwala amene anthu ambiri kuno amamwa, mukuwauziranji ana? Mungowaopseza, akaopsezenso makolo awo." Nkhawa imeneyi ndi yomveka, chifukwa mantha amathamanga kuposa kufotokoza. Koma sindigwirizana nayo. Nkhaniyi ili kale m'mafoni. Tikakhala chete, ifika yopanda dzina la mankhwala, yopanda nambala, yopanda sikelo. Munthu akadzamva yekha chinthu chimene achipatala ndi aphunzitsi sanamuuze, amayamba kukayikira zonse zimene anamuuza. Chimene chimachotsa mantha si kubisa, koma kunena zonse: mankhwala ake ndi ati, vuto lake ndi lotani, limagwira angati, ndipo limayezedwa bwanji.

Palinso chifukwa china. Kufota kwa bwalo la maso si nkhani ya vigabatrin yekha. Matenda a glaucoma, amene amaononga mtsempha wa diso, amadya bwalo mwakachetechete chimodzimodzi, ndipo amagwira anthu akuda kwambiri komanso msanga kuposa azungu. Agogo amene amangogunda mphuthu za chitseko, kapena amadzidzimuka munthu akawatulukira cham'mbali, mwina si ukalamba chabe. Ena a inu mudzakhala anamwino ndi madokotala. Ena mudzapita ku Joni kapena ku Britain n'kukasamalira mwana womwa vigabatrin. Mfundo ya lero idzakuthandizani konseko.

Zimene ndikukupemphani

Ngati kwanu kuli womwa mankhwala a khunyu, tsegulani kabuku kake ka kuchipatala, iye atalola, muwerenge dzina la mankhwalawo. Lilembeni. Ulendo wotsatira wa ku kiliniki, mufunse adokotala kuti, "Kodi mankhwala amenewa ali ndi mavuto otani, ndipo tiziyang'anira chiyani?" Si mwano, ndi ufulu wa wodwala. Safunsa anadya phula. Ngati dzinalo ndi vigabatrin, kapena Sabril monga amalembera pa mabokosi ena, funsani za kuyeza maso ndi kumene angakutumizeni, koma apitirize kumwa kufikira adokotala atanena zochita.

Phunziraninso kuyeza kwa zala. Khalani moyang'anizana ndi mnzanu, pakati panu mita imodzi. Iye atseke diso lamanja, inu lamanzere, muziyang'anana m'diso lotsegulalo. Tambasulani mkono pakatikati pa inu awiri, muzibweretsa chala chogwedezeka kuchokera kunja kulowa mkati: kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Anene akachiona. Ngati inu mukuchiona kale iye asanachione, mobwerezabwereza, apite akayezedwe kuchipatala. Dziwani kuti njira imeneyi imagwira kufota kwakukulu kokha. Kufota koyambirira kumafuna perimeter, ndiye musamuuze munthu kuti ali bwino chifukwa choti wakhoza mayeso a zala. Koma onetsetsani chinthu chimodzi: diso limodzi nthawi imodzi. Chifukwa chake mukuchidziwa tsopano.

Ndipo mnzanu akagwa m'kalasi kapena pa bwalo la mpira, musathawe. Chotsani desiki, miyala kapena moto pafupi naye, muikireni juzi pansi pa mutu, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize. Kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Wina ayang'ane wotchi: zikapitirira mphindi 5, ndi za kuchipatala mwachangu.

Homuweki ya sabata ino ndi ya pepala lija. Yezani mtunda umene kadontho kakusowera pa diso lililonse, muwerengere ngodya, mufananize ndi anzanu asanu. Mukatero, kaonetseni munthu mmodzi wamkulu kunyumba bowo la m'diso mwake, ndipo mumufotokozere chifukwa chake sanalionepo.